Msiyeni awerenge, koma nanunso muliwerenge

Achemwali, mwafunsa ngati mwana wanu wamkazi wa zaka 14 angawerenge Twilight, buku la mu 2005, loyamba pa mndandanda wa mabuku a Stephenie Meyer a nkhani imeneyi. Ine ndikuti msiyeni, koma nanunso muliwerenge.

Zolaula mulibe m'buku loyambali. Chimene chimandidetsa nkhawa ngati kholo ndi khalidwe la Edward, chibwenzi cha Bella, mtsikana amene nkhaniyi ikukamba za iye. Amaoneka wa zaka 17 ngati Bella, chonsecho anabadwa mu 1901 ndipo anasanduka namapopa mu 1918. Amalowa kuchipinda kwa mtsikanayu usiku mwiniwake osadziwa, n'kumamuyang'anitsitsa ali mtulo. Bella atazindikira, sachita mantha, amangochita manyazi poti amabwebweta kutulo. M'buku lachitatu, Eclipse, Edward amafika pochotsa chitsulo m'galimoto ya Bella kuti asapite kukaona mnzake wamwamuna, Jacob. Mwana amaona chikondi pamenepa, ife akuluakulu timadziwa kumene nsanje yotere imathera.

Komabe kusungulumwa kwa Bella atasamukira kwa bambo ake ku Forks, tauni ya mvula yosalekeza, kunalembedwa mogwira mtima. Mukamuletsa mwana wanuyo, akaliwerengera pafoni ya mnzake. Bola mumufunse kuti mnyamata atamuchita zimenezi angamve bwanji.

Buku lachinayi, Breaking Dawn, adikire kaye. Muli za m'banja komanso uchembere woopsa, wamagazi okhaokha.