Felemu ya chitsulo kapena ya aluminiyamu, ndi za mapopukoni aja

Achimwene a ku Chiputula, mwafunsa kuti mugule iti pakati pa njinga ya kaunjika ya aluminiyamu, yopepuka ya magiya ija, ndi yachitsulo ya mtundu omwe anyamata a Sacramento, a kabaza a kuno ku Mzuzu aja, amayendetsa, poti mukufuna muzinyamulirapo mapopukoni a alamu kupita nawo m'magolosale kenako madzulo muzinyamulako anthu. Ine ndinena mosazungulira, tengani yachitsulo. Ambiri mu gulu muno akulemba kuti aluminiyamu siichita dzimbiri nde ndiyolimba, zoti siichita dzimbiri lofiira lija ndi zoona ndithu koma kulimba kwa felemu sikuthera pa dzimbiri ayi.

Aluminiyamu kupepuka imapepukadi, chidutswa chake chimalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo chofanana nacho kukula, koma imawetekanso msanga nchifukwa chake mumaona mapaipi ake ali onenepa chonchija. Vuto lake lenileni ndi kutopa. Mukatenga waya nkumaupinda uku ndi uku mapeto ake umaduka, felemu nayo imapindika pang'onopang'ono pa bampu iliyonse ngakhale maso saona. Chitsulo chili ndi mlingo wake woti katundu akapanda kupitirira pamenepo chimangopirira zaka ndi zaka, pomwe aluminiyamu ilibe mlingo umenewo, kugwedezeka kulikonse kumadyako pang'ono mpaka tsiku lina mng'alu watulukira pafupi ndi powotcherera. Opanga amazidziwa izi nde amaipanga kuti ikhalitse, koma amawerengera munthu mmodzi woipalasa, osati inu ndi pasenjala ndi thumba lake la chimanga m'misewu yokumbika ya ku Mchengautuwa nthawi ya mvula. Ndiye poti ndi ya kaunjika, zaka zake zambiri inadyera kale kunja komwe yachokera.

Tsono ikathyoka ndi pomwe nkhani imavutira. Yachitsulo nthawi zambiri imachenjeza, imayamba kupindika kapena kulira, mng'alu umakula mwapang'onopang'ono, mukaiona mumangoikankha kupita kwa owotcherera ku Luwinga kapena ku Chibavi madzulo mwabwerera pa msewu. Kungoti muziwapempha awotcherere ndi gasi ndi mkuwa ngati ali nazo chifukwa mapaipi a njinga ndi opyapyala, makina amagetsi owotcherera mageti aja amaboola. Aluminiyamu ndi ina, imasungunuka pa madigiri 660 basi, imafuna makina a TIG ndi mpweya wa argon, komanso mtundu omwe amapangira mafelemu ambiri, wolembedwa 6061, ukawotcheredwa umafooka pamalo pomwe papsapo mpaka felemu yonse ilowenso mu ng'anjo yapadera kuti mphamvu ibwerere. Popanda zimenezo imang'alukanso pambali pomwepo, ndipo imatha kung'aluka muli pa liwiro mukutsetsereka ndi mwana wa eni kumbuyo. Ichi ndi chomwe chimandidetsa nkhawa ine.

Onaninso kaliyala. Pa njinga za magiyazi kaliyala imagwira ndi timabawuti ting'onoting'ono ndipo zambiri zimalembedwa makilogalamu 25, pomwe ya Buffalo, njinga yachitsulo ija ya bungwe la World Bicycle Relief, anaipangira makilogalamu 100. Pa yachitsulo mutha kuwotchereraponso zopondapo pasenjala.

Sikuti chitsulo chilibe vuto. Kulemera kumene, Buffalo imapitirira makilogalamu 20 nde zitunda za ku Masasa muzitsika nkumakankha. Dzimbiri nalo kuno kwathu si lamasewera, mvula mpaka Epulo ndi Meyi kuphatikiza chifunga cha m'mawa, ndipo limadya kuchokera mkati, madzi amalowera pa paipi ya chishalo nkukakhazikika pansi pomwe pali ekiselo ya mapedulo. Muzizula chishalo nthawi ndi nthawi, kuitembenuza njinga madzi atuluke, kudonthezamo ka oyilo, kupaka gilisi pa chitsulo cha chishalocho, penti ikakalika pakani ina msanga, ndipo isamagone panja.

Langizo langa lenileni ndi ili, mukamazungulira pa kaunjika pitani ndi maginito, ngakhale wa mu sipika yakufa. Akamatirira pa felemu nde kuti ndi chitsulo. Mukapeza yomatidwa kapepala kolembedwa Cr-Mo kapena 4130, makamaka ma mountain bike akale a m'ma 1990 opanda mashoka, imeneyo musaisiye, ndi chitsulo chabwino chosakaniza chomwe ndi cholimba kuposa wamba nde mapaipi ake amakhala opyapyala, njinga imapepukako komanso magiya muli nawo. Yang'anani pansi pa paipi yaikulu kuseri kwa foloko, penti ikakhala yokwinyika kapena yotupa pamenepo nde kuti inagundapo kutsogolo, isiyeni. Njinga za carbon, zopangidwa ndi ulusi womatidwa ndi guluu, zomwe wina watchula mu gulu muno zija ndi za ampikisano, ikagundidwa imatha kusweka mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Za titaniyamu mtengo wake si wathu, za nsungwi amapangadi ku Zambia ndi ku Ghana koma kukonza kwake kumafuna guluu wapadera.

Tsopano mapopukoni a alamu, mwati theka saphulika ndipo apansi akupserera. Mbuliwuli zimaphulika chifukwa cha timadzi tomwe tili mkati mwa njere, pafupifupi 14 pa 100 alionse, tikatentha timasanduka nthunzi yomwe imakanika kutuluka chifukwa khungu la chimanga chimenechi ndi lolimba, mpaka pa madigiri 180 khungu lija limaphulika. Nde njere zikauma kwambiri, monga zija zimakhala pa thumba lotsegula pa msika masabata ambiri, siziphulika ngakhale moto ukhale wabwino bwanji. Asamaziyanike padzuwa, azisunga mu botolo kapena chigubu chotseka bwino. Zomwe zauma kalezo aike mu botolo, athiremo madzi sipuni imodzi yaying'ono pa kapu iliyonse ya njere, akhutchumule nkutseka masiku awiri atatu, zambiri zimabwerera.

Kupserera ndi poto komanso moto. Apa aluminiyamu nde mwini wake, miphika yokhuthala yosungunula ija imafalitsa kutentha bwino kuposa poto wopyapyala. Makala pa mbaula akhale oti ayaka kale afiira, osati malawi. Athire mafuta ophimba pansi ponse, aponyemo njere zitatu, zikaphulika nde athire zina zonse koma zongokwana kuyala pansi, zisasanjikizane, avundikire nkusiya kampata kakang'ono kuti nthunzi izituluka apo ayi amatuluka olobodoka ovuta kutafuna, nkumagwedeza mphikawo pafupipafupi. Kuphulika kukayamba kutalikirana aphule pomwepo osadikira njere yomaliza. Mchere ausinje ukhale ngati ufa kuti umatirire, athire akangophula. Adikire azizire kaye asanaike m'mapepala, akamata ali otentha amachita thukuta mkati nde pofika ku golosale amakhala atafewa kale, makamaka miyezi ya Juni ndi Julayi kukamachita chinyezi.