Musapereke kodi ndalama zisanafike

Achimwene, munthu wakulemberani kuti akufuna kugula domain (dzina la webusaiti) yanu ya .com imene yangokhala osagwira ntchitoyo, musamutumizire kodi yosamutsira, zilembo ndi manambala achinsinsi otchedwa EPP amene amalola munthu kutenga domain kupita nayo kwina. Ngakhale akuuzeni kuti walipira kale, musatumize. Anthu amaluza pa kodi imeneyi, osati pa mtengo.

Za mtengo ndinena mwachidule. Lowani pa NameBio, webusaiti yosunga mbiri ya malonda a ma domain, muone mayina ofanana ndi lanu amene anagulitsidwadi, osati amene eni ake akungowaika pamsika. Dzina lalifupi, la mawu amodzi kapena awiri, lopanda manambala ndi kamzere pakati, ndi limene limakoka ndalama. Voice.com inagulidwa madola 30 miliyoni mu 2019, koma mayina ambiri amapita pa madola mazana ochepa, ena sapeza wogula n'komwe. Yang'anani pa Wayback Machine, imene imasunga makope akale a mawebusaiti, ngati dzinalo linagwiritsidwapo ntchito ya juga kapena yotumiza mauthenga achinyengo, chifukwa wogula wodziwa adzayang'ana. Ngati likufanana ndi dzina la kampani yolembetsedwa ku PACRA kapena kunja, samalani kwambiri: kukalipiritsa eni dzinawo ndalama zambiri ndi umboni umene amatengera ku WIPO, bungwe la dziko lonse loteteza mayina a malonda, pansi pa UDRP, malamulo oweruzira mikangano ya ma domain, ndipo domain imalandidwa osalandira ngakhale ngwee. Pokambirana musayambe ndinu kutchula mtengo. Mufunseni iyeyo akupereka zingati, ndipo mumtima mukhale ndi malire amene simutsika, kuwerengera ndalama zimene mwalipira chaka ndi chaka.

Tsopano mvetserani mmene akubawa amachitira, chifukwa zimandiwawa kwambiri. Amayamba ndi mtengo wokoma, madola 5,000 pa dzina limene inuyo mumaliyesa la 300. Mwina amati abwana awo akufuna satifiketi ya mtengo kuchokera pa webusaiti imene iwo akusankhirani. Mukalipira, basi, foni sayankhanso. Webusaitiyo ndi yawo. Wogula weniweni sakulipiritsani kanthu.

Ena ndi oipa kuposa pamenepo. Amakutumizirani SMS yooneka ngati ya Airtel Money kapena MTN MoMo, kapena imelo yokhala ndi chizindikiro cha Escrow.com (kampani imene imasunga ndalama za wogula mpaka malonda atatha), yonena kuti ndalama zalowa. Kenako foni ili ngiri ngiri: bwana fulumirani, ndili mu miting'i, developer wanga akudikira. Inu mumalowa kwa registrar, kampani imene munalembetsako domain, mumachotsa loko yoletsa kusamutsa, mumakopera kodi ya EPP ija, mumaiponya pa WhatsApp. Iye amailowetsa kwa registrar wake nthawi yomweyo. Imelo imafika yofunsa ngati mukuvomereza kusamutsa. Apa mpamene pali pofera. Mukangoisiya, registrar wanu ali ndi masiku asanu, ndipo m'masiku amenewo mukhoza kuletsa. Koma iye amakuchondererani kuti mudine batani lovomereza kuti zithe lero, ndipo mukadina, domain imachoka pasanathe maola. Mukayang'ana balansi madzulo, palibe chalowa. Domain yatsekedwa masiku 60 kwa registrar wina kunja kwa dziko, ndipo WHOIS, kaundula wa eni ma domain, sikuonetsanso dzina la mwini wake, chifukwa kuyambira 2018 zambiri zimabisidwa. Mukadandaula, yankho ndi lakuti kodi munapereka nokha ndipo munavomereza nokha. Choopsa china: ngati munali ndi imelo pa domain imeneyo imene munatsegulira Facebook kapena akaunti ya banki, mauthenga osinthira password ayamba kupita kwa iyeyo. Anthu amenewa alibe chisoni ngakhale pang'ono, amadziwa bwino kuti munthu akamva madola mutu umaima, ndipo akamaliza ndi inu amapita kwa wina tsiku lomwelo.

PayPal kapena khadi musavomere. Wogula pa PayPal ali ndi masiku 180 otsegulira dandaulo, ndiye ndalama zikhoza kubwezedwa domain itapita kalekale.

Njira yake ndi iyi. Tsegulani malonda pa Escrow.com, kapena muwapititse pa Sedo kapena Afternic, misika ya ma domain, amene amadula gawo lawo pa mtengo. Gwirizanani msanga amene alipire fizi. Wogula alipire kaye. Inu lowani mu akaunti polemba nokha adiresi ya webusaitiyo, osadina linki ya mu imelo, muone ndi maso anu kuti ndalama zasungidwa. Pamenepo mpamene muchotse loko ndi kupereka kodi. Wogula akatsimikiza kuti walandira, ndalama zimatumizidwa ku banki yanu, ndipo funsani banki pasadakhale kuti imadula zingati pa ndalama zochokera kunja. Musanayambe, samutsani maimelo onse ochoka pa domain imeneyo. Onaninso tsiku lothera: ikatha n'kulowa mu redemption, nthawi yomaliza ya masiku 30 yoti muiombole, kuiombola kumadula kwambiri ndipo simungaisamutse. Musasinthe dzina kapena imelo ya mwini mukadali pokambirana, chifukwa kwa ma registrar ambiri zimenezi zimaitseka masiku 60. Ikakhala ya .zm kapena .co.zm, imeneyo ili pansi pa ZICTA, ndiye kusintha mwini kumadutsa kwa registrar wanu wa kuno, mufunseni zimene amafuna.

Komabe ndinene chilungamo, ngati mtengo wake ndi wochepa, mwina K3,000, ndipo wogula ali mu Lusaka momwe muno, escrow ingokudyerani ndalama pachabe. Muuzeni atsegule akaunti kwa registrar yemweyo amene inu muli, mukumane masana pamalo a anthu ambiri ngati Manda Hill kapena Arcades, laputopu ili patebulo. Akupatseni kashi muwerenge, kapena mutsegule balansi pa foni yanu inu nokha. Mukatero chitani push, ndiko kuti kusuntha domain kuchokera mu akaunti yanu kupita mu yake kwa registrar yemweyo. Push siifuna kodi, nthawi zambiri ndi yaulere, ndipo iye amaiona italowa mukadali pomwepo. Mulemberane kapepala ka dzina la domain, mtengo, tsiku ndi manambala a NRC, aliyense asaine atenge kope lake.