Ndiike ndalama za chipereganyu pa mabuku a masewera amene sanatuluke?

Alangizi, ndimakhala ku Leicester ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Loweruka ndikakhala pa ofu timakumana anthu asanu n'kumachita masewera a patebulo aja a madayisi, amene aliyense amatenga munthu wake wa m'nkhani, ine n'kumatsogolera. Timakonda a nkhani za anthu opulumuka dziko litaphwasuka ndi mabomba a nyukiliya. Kampani ina yalengeza kuti itulutsa mabuku owonjezera, okhala ndi madera atsopano, mapu ndi makhadi, ndipo ikutolera ndalama pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti pamene anthu amasonkhera zinthu zimene sizinapangidwe. Bokosi lonse ndi £100. Mwezi wamawa wolandira kuchipereganyu ndine, £600. Ndikuganiza zolipira mabokosi 6, limodzi langa, asanuwo ndidzagulitse pa eBay akadzatuluka, poti ndaona mabokosi akale akuwatchaja £200. Kodi geni imeneyi ndi yabwino?

Wotsogolera masewera, Leicester

Achimwene, bokosi lanulo lipirani ngati mtima wakana kudikira. Asanuwo asiyeni.

Tiyambe ndi chimene mukuchita mukaika ndalama pa Kickstarter, chifukwa ambiri amayesa kuti agula. Simunagule kanthu. Mwapatsa kampani mpamba kuti ikapange katundu amene pakadali pano kulibe, ndipo malipiro anu ndi lonjezo lakuti katunduyo akadzapangidwa mudzalandira. Kickstarter idayamba mu 2009, ndipo pofika 2012 eni ake adachita kulengeza poyera kuti iwo si sitolo. Kampeni ikatha ndalama zitakwana, amadula pakhadi panu nthawi yomweyo, Kickstarter n'kutengapo 5 peresenti yake, oyendetsa za makhadi n'kutengaponso yawo, zotsalazo n'kupita kwa opanga masewera. Tsiku lolandira katundu limene mwaona patsambalo ndi longoyerekeza. Akachedwa chaka, kapena kampani ikagwa, Kickstarter sikubwezerani ndalama. Mlandu umatsala pakati pa inu ndi wopangayo, amene mwina ali ku America kapena ku Sweden. Kuoda m'sitolo ya pa intaneti ya ku UK n'kosiyana: kumeneko lamulo la 2013 loteteza ogula limakupatsani masiku 14 mutalandira katundu oti mutha kusintha maganizo.

Ndipo kuchedwa pa geni imeneyi si nkhani yachilendo. Mabokosi ambiri, madayisi ndi tizidole tapulasitiki amapangidwa ku China n'kubwera pa sitima zapamadzi. Mu 2021 mtengo wotumizira kontena udakwera kangapo, ndipo mu March chaka chomwecho sitima ya Ever Given idatseka ngalande ya Suez pafupifupi sabata yathunthu. Mu April 2025 msonkho wa America pa katundu wa ku China udafika 145 peresenti kwa kanthawi, ndipo makampani ang'onoang'ono a masewera amene adatolera kale ndalama pa mitengo yakale adasokonezeka. Zonsezi si zoti wolemba buku, ngakhale akhale wokhulupirika bwanji, angazilamulire. Ndinu amene mwasenza chiopsezocho, popanda chiwongoladzanja n'chimodzi chomwe.

Komabe chimene chikundiletsa kwambiri n'china. Buku lowonjezera lili ngati sipeya ya galimoto: amagula ndi yekhayo amene ali ndi galimoto ya mtunduwo. Munthu amene alibe buku lalikulu la malamulo a masewerawo alibe nalo ntchito buku la madera atsopano. Mwa amene ali ndi buku lalikulu, ambiri adasewera kawiri katatu n'kuliika pashelefu. Mwa amene akusewerabe, amene amagula mabuku owonjezera kawirikawiri ndi wotsogolera, monga inuyo. Taonani gulu lanu lomwe: anthu asanu, wogula mmodzi. Tsono otsogolera okonda masewerawa zenizeni ali kuti lero? Ali pa Kickstarter pomwepo, akulipira limodzi nanu. Makasitomala amene mukuwayembekezera chaka chamawa ndi omwewo amene adzalandire mabokosi awo sabata imene mudzalandire anu. Otsalawo adzapeza bukulo m'sitolo, nthawi zina pa mtengo wotsika, kapena adzagula pa DriveThruRPG, tsamba logulitsa mabuku a masewerawa, PDF yomwe siitha m'sitoko ngakhale agule anthu miyandamiyanda.

Za £200 mwaionayo, onetsetsani. Pa eBay munthu aliyense angalembe mtengo umene akufuna. Ine nditha kuika nsapato zanga zakutha pa £500. Pali posankha pamene pamaonetsa katundu amene adagulidwadi ndi mtengo wake. Kaoneni pamenepo, muwerengenso kuti m'miyezi itatu agulidwa angati. Nthawi zambiri mudzapeza kuti odulawo ndi mabuku amene adasiya kusindikizidwa kalekale, kapena amene chilolezo cha kampani chidatha. Masewera akatchuka kampani siikhala manja lende, imasindikizanso. Mwachitsanzo, sewero la pakanema la Fallout litatuluka pa Prime Video mu April 2024 lidadzutsa chidwi cha anthu, koma masewera ake a patebulo, amene kampani ya Modiphius ya ku London idatulutsa mu 2021, anali ndi mwini wake wamoyo wotha kuonjezera mabuku pamsika. Phindu la kutchuka kotereku limapita kwa wosindikiza ndi masitolo amene amapikula pa mtengo woodera. Inu mukupikula pa mtengo wa kasitomala.

Palinso vuto la malamulo kusintha. Twilight: 2000 idatuluka koyamba mu 1984 ndi kampani ya GDW ku America, ya Free League ya ku Stockholm itaitulutsanso mu 2021 idabwera ndi malamulo ena, moti manambala a m'mabuku owonjezera akale sagwirizana ndi masewera atsopanowo popanda kuwakonzanso. Wosunga katundu wotere kuti adzagulitse amakhala akubetcha kuti kampani sitembenuka.

Tiyeni tiwerengetse, ndipo manambala awa ndi ongoyerekeza. Bokosi £100. Ndalama yotumizira kawirikawiri siikhala m'menemo, amadzakuuzani pambuyo pake kudzera pa masamba ngati BackerKit kapena Gamefound, tiike £12. Mwafika £112. Tiyerekeze mwayi wakugwerani, mwagulitsa £140. Poti mudagula n'cholinga chogulitsanso, eBay imakuonani ngati wabizinesi, ndipo wabizinesi amalipira. Tiike £18 ya eBay, kuonjezerapo £6 ya positi ndi katoni. Mwatsala ndi £116. Phindu £4 pa bokosi, £20 pa onse asanu, mutadikira mwina chaka ndi theka. £500 yomweyo itagona kubanki pa 4 peresenti ikanabala pafupifupi £30 inu mukuwodzera. Ndipo sindinawerengere bokosi lofika lophwanyika pakona, lomwe osonkhanitsa zinthuzi amalinyoza ngati tomato wovunda.

Msonkho nawo ungakulumeni. Ku UK buku lenileni lilibe VAT, koma bokosi lodzaza madayisi, makhadi ndi tizidole lingawerengedwe ngati masewera n'kulipitsidwa 20 peresenti. Katundu wochokera kunja wosapitirira £135 wogulitsa ndiye amatolera VAT pogula pomwe. Akapitirira, imalipidwa akulowa m'dziko, ndipo kampani yonyamula imaonjezerapo yake. Mabokosi 6 m'phukusi limodzi adutsa malirewo kutali. Ngakhale pa bokosi lanu limodzilo, werengani patsamba la kampeni ngati adzatumize kuchokera m'nkhokwe ya mu UK momwemo ndiponso ngati VAT ili kale mumtengo.

Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chipereganyu chilinso ndi mbali ina imene mukuiiwala: mukalandira £600, miyezi yotsatira mukhala mukusonkhabe kuti anzanu alandire. Ndalama imeneyo ikatsekeredwa m'katundu amene ali m'mutu mwa wojambula, lendi ikakwera kapena uthenga wa maliro ukabwera kuchokera kumudzi, simungaitulutse.

Ngati mukufunadi kupezako kenakake pa masewerawa, chinthu chamtengo muli nacho kale, ndicho luso lotsogolera. Osewera ndi ambiri, otsogolera abwino ndi ochepa, n'chifukwa chake pali tsamba ngati StartPlaying pamene anthu amalipira mpando patebulo la wotsogolera. Mutha kulembanso nkhani zanu zazifupi n'kumagulitsa ngati PDF: Free League ili ndi dongosolo lotchedwa Free League Workshop pa DriveThruRPG lolola anthu kugulitsa zolemba zawo za masewera ngati Mutant: Year Zero. Musayembekezere kumanga nyumba ku Area 49 ndi zimenezi, koma mpamba wake ndi nthawi yanu, osati £500. Za Fallout musayese kugulitsa zanu, dzinalo ndi la kampani ya Bethesda. Musanayambe chilichonse onani zimene viza yanu imalola pa ntchito yapadera. Amene ali pa viza ya sukulu saloledwa n'komwe kuchita bizinesi yawoyawo. Ku HMRC, bungwe lotolera msonkho ku UK, ndalama zolowa kuchokera ku geni zikapitirira £1,000 m'chaka cha msonkho, chomwe chimayamba pa 6 April, muyenera kulembetsa, ndipo £1,000 imeneyo ndi zonse zolowa, osati phindu lokha. Kuyambira January 2024 masamba ngati eBay amasunga ndi kupereka ku HMRC mbiri ya amene agulitsa zinthu 30 kapena kuposa pachaka, choncho zobisala zidatha.

Za bokosi lanulo, anzanu anayiwo auzeni asonkheko £20 aliyense, poti adzadya nawo. Ngati wina mwa iwo akufuna lakelake, apereke ndalama yonse musanadine, ndipo mumuuze kuti lingachedwe chaka. Mukapita ku UK Games Expo ku NEC ya ku Birmingham, yomwe imachitika chakumapeto kwa May kapena kumayambiriro kwa June, kayendeni pamalo ogulitsira masewera akale, mukaone mitengo imene mabuku owonjezera a zaka ziwiri zapitazo akupita nayo.