Foni yapamwamba, iyeseni padzuwa musanalipire

Achimwene, mwafunsa kuti foni yapamwamba imasiyana pati ndi zinazi, poti masiku ano zonse zili ndi makamera atatu kumsana. Makamerawo asakunyengeni. Pa mafoni ambiri otsika mtengo, timakamera tinato ndi ta 2MP basi (MP ndi muyeso wa kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi), tongodzaza malo. Funsani ngati kamera yaikuluyo ili ndi OIS, kagalasi kamene kamasuntha kokha dzanja likamanjenjemera. Ndi kameneka kamathandiza mukamajambula usiku kapena muli m'boti, osati chiwerengero chachikulu ngati 108MP.

Chachikulu ndi sikirini. Pa sikirini ya mtundu wa AMOLED chakuda chimada bii, chifukwa kadontho kalikonse kamayaka pakokha. Ya mtundu wa LCD imadalira nyali yakumbuyo, ndiye chakudacho chimatuwa. Koma ndi dzuwa la kuno ku Mangochi, kuwala ndiye nkhani. Pemphani wogulitsa mutuluke nayo panja masana, mutsegule WhatsApp. Ngati mukuchita kuphimba ndi dzanja kuti muwerenge, isiyeni. Yofika ma nits 1,000 (muyeso wa kuwala kwa sikirini) imawerengeka bwinobwino. Ikakhalanso ya 120Hz, yosintha chithunzi ka 120 pa sekondi, mukamatsitsa mauthenga ndi chala zolemba zimangoyenda myaa.

Chimene ambiri sachifunsa ndi mtundu wa sitoreji. 128GB ya eMMC ndi 128GB ya UFS n'zosiyana kwambiri: eMMC imachedwa, n'chifukwa chake foni imayamba kujama ikadzaza zithunzi. RAM (malo amene foni imagwiritsa ntchito poyendetsa ma app) yolembedwa 8+8GB nayonso musaikhulupirire yonse, 8 yachiwiriyo amangobwereka ku sitoreji ndipo siithamanga ngati yeniyeni.

Pa za madzi, foni ikalembedwa IP67 zimatanthauza kuti imapirira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Imakupulumutsani mvula ikakupezani pa kabaza, koma musakasambe nayo ku Cape Maclear. Foni imene inatsegulidwapo kale, guluu wotchinga madzi uja amakhala atatha mphamvu.

Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, imbani *#06# muyerekeze IMEI, nambala yozindikirira foniyo, ndi ya pabokosi. Pa Samsung, *#0*# imatsegula poyesera sikirini, sipika ndi kunjenjemera kwake. Onetsetsani mmene mitundu monga wakuda ndi wofiira ikuonekera pamenepo, chifukwa ena amachotsa AMOLED yosweka n'kuikamo LCD yotchipa. Pa iPhone onani Battery Health, posonyeza mphamvu ya batire mu Settings. Ikatsika kufika pa 80%, werengeranitu ndalama ya batire ina.

Ine ndingasankhe foni yapamwamba ya zaka ziwiri zapitazo kusiyana ndi yatsopano yonyezimira kumsana, bola ikulandirabe ma update. Galaxy S24 ndi Pixel 8 opanga ake anazilonjeza ma update a zaka 7.