Kodi tizilombo ta m'matumbo tikuwabera mavitamini amayi?

Kalata yanu, achemwali a ku Matawale, ndaiwerenga katatu. Mukuti amayi akumva dzanzi kumapazi, magazi achepa, ndipo wina wawauza kuti tizilombo ta m'matumbo ndi timene tikuwadyera mavitamini, ndiye amwe makapisozi kuti tife tonse. Mukufunsa ngati n'zoona.

Nditawerenga ndinakumbukira patapata wa mayi anga. Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi ku Chinamwali, patapata wakumanzere anavuka, iwo n'kumangoyendabe pamiyala osamva kanthu. Ndinawatolera ndine. Kunyumba nditawagwira phazi, anati akumva ngati aponda pathonje. Anali atamwa metformin zaka zambiri chifukwa cha shuga. Ifenso kunabwera mayi wina wapafupi ndi makapisozi okulunga m'pepala, ogula pabenchi. Mayi anga anamwa sabata ziwiri, anatsegula m'mimba, dzanzi lili pomwepo. Mpaka lero zimandiwawa kuti ndinalola. Titawayezetsa magazi zinapezeka kuti vitamini B12 inali itatsika, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwerenga za vitamini imeneyi.

Kachoonadi kalipo m'zimene anauzidwa amayi anuwo. Tizilomboti ndi mabakiteriya, ndipo ambiri mwa iwo amafuna B12 koma satha kuipanga, ndiye amachita kuitola. Vitaminiyi ndi yaikulu, ili ndi chitsulo chotchedwa cobalt pakati, singadutse pakhungu la bakiteriya mwa iyo yokha. Bakiteriya ngati E. coli ali ndi zikopa ziwiri. Pachikopa chakunja pali puloteni yotchedwa BtuB, yooneka ngati mgolo wokhala ndi chotsekera m'kati. B12 ikamatirira pamenepo, puloteni ina, TonB, imakoka chotsekeracho ndipo vitamini imalowa. Pakati pa zikopa ziwirizo imalandiridwa ndi BtuF, yomwe imakaisiya pakhomo lachiwiri, BtuCD. Khomo limeneli limatseguka ndi mphamvu ya ATP, kanthu kosunga mphamvu m'maselo, ndipo maonekedwe ake anadziwika mu 2002.

Amene amandizizwitsa ndi bakiteriya wina wa m'matumbo, Bacteroides thetaiotaomicron. Makomo otere ali nawo a mitundu itatu, ndipo kunja kwake kuli kapuloteni kena, BtuG, kogwira B12 mwamphamvu zedi. Mu 2018 gulu la wasayansi Andrew Goodman ku yunivesite ya Yale ku America linaonetsa kuti BtuG imatha kulanda B12 ngakhale kwa intrinsic factor, puloteni imene chifu chathu chimapanga kuti iperekeze vitaminiyi. Mabakiteriya ena, achibale a Lactobacillus, okhala ndi chikopa chimodzi, ali ndi makomo awoawo otchedwa ECF, olowetsera mavitamini ena monga riboflavin, folate ndi thiamine.

Koma nkhani yagona pa malo. Ife timayamwa B12 kumapeto kwa matumbo aang'ono. Chikhamu cha mabakiteriya chimakhala m'matumbo aakulu, kumunsi. Wotunga madzi a Likangala kufupi ndi nyanja ya Chilwa sangamumanitse wa kumtunda. Mabakiteriyawo amangotola zotsala. Ndipo ngakhale ena mwa iwo amapanga B12, amaipangira kumunsi komweko, ife osapindula nayo. Ng'ombe zake n'zina: mabakiteriya ake ali m'chifu, kumtunda kwa matumbo, n'chifukwa chake imangodya udzu koma chiwindi chake chadzaza B12. Kalulu amachita kudyanso ndowe zake zofewa kuti aipeze.

Zimachitika kuti mabakiteriya achulukane m'matumbo aang'ono, makamaka munthu akachitidwa opaleshoni ya m'mimba kapena matumbo akamayenda mwaulesi. Apo amapikisanadi nafe. Koma zimenezo amazipeza ndi dokotala, n'kusankha yekha mankhwala oyenera. Ndinene mosabisa: kugulitsa makapisozi pabenchi ngati mtedza kuyenera kutha. Amapha mabakiteriya otithandiza, otsalawo amasanduka osamva mankhwala, ndipo tsiku limene mayi adzadwale chibayo chenicheni mankhwala aja sadzagwiranso ntchito. Wogulitsayo sadzakhalapo pomudwazika.

Nanga mutani?

Makapisozi asamwe. Pitani nawo kuchipatala, mupemphe kuti ayeze magazi, B12 ndi shuga, poti shuga payekha amabweretsanso dzanzi. Mutchule mankhwala onse amene amamwa, makamaka metformin ndi omeprazole (wochepetsa asidi m'chifu), chifukwa onsewa akamwedwa nthawi yaitali amatsitsa B12. Munthu wamkulu amafunika ma microgram 2.4 patsiku, ndipo amapezeka m'matemba, usipa, mazira, mkaka ndi chiwindi. Mu nsima ndi masamba mulibe. Ngati thupi silikuyamwa, ndiwo zokha sizikwanira, pamafunika jakisoni.

Musadikire kuti mwezi uthe, achemwali. Mayi anga magazi anabwerera atabayitsa, mphamvu zinabwerera, koma tinachedwa. Zala ziwiri za phazi lakumanzere lija sazimvabe, ndipo pano ndimawagulira nsapato zomanga kuchitende.