Kwa achimwene a Hilux ya malemu bambo awo: yambani ndi kachitsulo ka pansi pa boneti

Achimwene, pepani ndi zovuta zimene zinakugwerani, ndipo mwachita bwino kusaipereka galimotoyo kwa ophwasula. Mwati ndi Hilux ya dizilo ya 4x4, blue book ikuti 1991, yakhala pansi pa mtengo wa mango kumudzi zaka zinayi, ndipo kawiri konse mwagula lamba wa timing ndi water pump koma sizikulowa. Mukufunsa komwe mungapeze masipeyala ake, komanso mmene mungadziwire kuti ndi a galimoto imeneyo. Za malo anzathu akuyankhani kale ambiri. Ine ndiyambira pa funso lachiwirilo, chifukwa ndi pamene ndalama zanu zikutayikira.

Mukalowa mu shopu n'kunena kuti "ndikufuna lamba wa Hilux ya 1991", wogulitsayo mwangomupatsa ntchito yolota. Hilux inayamba kupangidwa mu 1968, ndipo mtundu wanuwo, womwe ndi wachisanu, unatuluka mu 1988 n'kupitirira mpaka 1997. M'zaka zimenezo bodi imodzimodziyo inkabwera ndi mainjini osiyanasiyana: 2L ndi 3L a dizilo, 2Y, 3Y, 4Y ndi 22R a petulo. Zina zinkapangidwa ku Japan, zina ku Thailand. Dzina ndi chaka sizikwanira ayi.

Tsegulani boneti, muyang'ane pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Mupeza kachitsulo kakang'ono kokhomedwa ndi marivetsi. Mukapanda kukaona pamenepo, yang'anani pa chipilala cha chitseko. Kakhala kakuda ndi oyilo ndi fumbi, choncho kapukuteni ndi kansanza konyowetsa palafini, osati sandipepa, chifukwa zilembo zake sizinalowe kwambiri. Pamenepo palembedwa MODEL, ENGINE, FRAME No. ndi TRANS/AXLE. Pa mzere wa MODEL muona zonga LN106R, kenako zilembo zina. L akutanthauza kuti injini ndi ya banja la L, ndiye kuti 2L, 3L kapena 5L. Akanakhala Y kapena R koyambirirako, ikanakhala ya petulo. N ndi Hilux. R wa kumapetoyo akuti chiwongolero chili kumanja ngati mmene tiyendera kuno. Nambala ya pakatiyo musaipeputse: LN106 ndi LN107 zimasiyana ndi nambala imodzi yokha, koma LN106 kutsogolo ili ndi ekiselo yathunthu yokhala pa masipuling'i a mapepala, pomwe LN107 tayala lililonse limadziyendera palokha ndi ma CV ndi ma torsion bar. Sipeyala ya kutsogolo ya imodzi singalowe pa inzake.

Nambala ya chesisi inadindidwanso pa chitsulo cha chesisi chenichenicho, pafupi ndi tayala la kutsogolo, kawirikawiri mbali ya kumanja. Ipaleni ndi bulashi ya waya, mupake choko, muijambule. Ngati galimotoyo inapangidwira msika wa ku Japan, musavutike kufunafuna nambala ya chesisi yaitali ya zilembo 17, yotchedwa VIN. Izo zimangokhala ndi nambala yaifupi, monga LN106 kenako manambala asanu ndi awiri.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse. Kachitsulo kaja kamanena mmene galimotoyo inatulukira mu fakitale, osati mmene ilili lero. Pikapu ya zaka zoposa 30 yadutsa m'manja mwa amakaniko ambiri, ndipo bambo anu mwina anasinthapo injini inu muli ku sukulu. Zinandichitikira ine pa yanga. Kachitsulo kankati 3L, ndinagula lamba wa 3L, wa mano 129, tinamasula zonse kutsogolo, ladiyeta ili pansi, koma lamba akuoneka wotambalala kuposa mapule ake. Amakaniko anga, bambo achikulire odekha, sanayankhule zambiri. Anangotenga sipanala n'kutsegula chivundikiro cha pamwamba pa injini. M'katimo munali ma rocker arm, tizitsulo timene camshaft imakankhira mavavu. Apo ndi pamene tinadziwa kuti mwini wake wakale anaikamo 2L yakale ija ya 1988 isanafike. Toyota inasintha mutu wa injini ya 2L cha mu 1988: yatsopanoyo, yomwe ena amaitcha 2L-II, ilibe ma rocker arm, camshaft imakankha mavavu mwachindunji ngati pa 3L ndi 5L. Zonse ziwiri anthu amangoti "2.4 dizilo", koma mutu ndi lamba wake n'zosiyana. Ndikuganiza kuti vuto lanu lagona pomwepa. Fufuzani nambala yodindidwa pa buloko ya injini, imayamba ndi dzina la injiniyo, ndipo ngati ikuti 2L tsegulani chivundikirocho muone ndi maso anu.

Ndipo chonde, musailize injiniyo ndi lamba amene wakhala zaka zinayi osayenda. Pa mainjini a L lamba akaduka, mapisitoni amagunda mavavu, ndiye mwalowa m'ndalama za mutu wonse. Lamba ameneyu amasinthidwa pa makilomita 100,000, koma ukalamba nawonso umamupha ngakhale galimoto itaima. Sinthani pamodzi ndi tensioner, idler ndi masilo a oyilo a kutsogolo.

Mukakhala ndi nambala ya chesisi ndi dzina lenileni la injini, lowani pa intaneti pa masamba ogulitsa masipeyala a Amayama, PartSouq kapena Megazip. Ngakhale musagule kumeneko, ali ndi zithunzi za m'kabuku ka Toyota zoonetsa kachidutswa kalikonse ndi nambala yake, kuona n'kwaulere. Nambala za masipeyala a Toyota zimakhala ndi zilembo khumi, zisanu kenako zisanu. Zisanu zoyambirira zimanena mtundu wa chinthucho: 13568 ndi lamba wa timing, 16100 ndi water pump, 11115 ndi gasiketi ya mutu, 31250 ndi kilachi puleti, 04465 ndi ma brake pad. Zisanu zomalizazo ndi zimene zimasiyanitsa galimoto ina ndi inzake. Nthawi zina muona nambala yakale yalowedwa m'malo ndi yatsopano. Lembani zonse ziwiri, chifukwa wogulitsa wina ali ndi katundu wakale pa shelefu ndipo amangodziwa yakaleyo.

Chakale chimene mwachotsa musataye, ngakhale chithyoke pakati. Pitani nacho ku shopu, muchiike pa kauntala pambali pa chatsopanocho, muwerenge mabowo a mabawuti, muwerenge mano. Gulani ka vernier, kachipangizo koyezera mamilimita, n'kotchipa poyerekeza ndi ulendo wobweza katundu. Zinthu zambiri pa galimotoyo si za Toyota yokha. Bering'i ili ndi nambala yake m'mbali, monga 6203 kapena 30205, ndipo ogulitsa mabering'i a zigayo ndi mathirakitala angakhale nayo. Silo ya oyilo imayezedwa m'mamilimita malo atatu: bowo la m'kati, kunja, ndi kunenepa kwake. Master cylinder ya mabuleki nthawi zambiri imakhala ndi kukula kwake kolembedwa pa thupi, monga 15/16.

Za komwe mungapeze, mwayi wanu ndi wakuti injini za L zadzaza m'dziko muno chifukwa cha maminibasi. HiAce zakale zimayendera 2L, 3L ndi 5L zomwezo, choncho ku Biwi ku Lilongwe, ku Ndirande kapena ku Limbe mukanena kuti "za 3L" mumvana msanga kuposa kunena kuti "za Hilux yakale". Koma chenjerani mukamagula injini yathunthu kapena zakunja kwake. Mu minibasi injini imakhala pansi pa mpando, ndiye sampu, mamanifodi ndi mapaipi ena n'zosiyana. Zam'kati zimagwirizana, zakunjazo mudzasamutsa za pa injini yanu yakale.

Magetsi a kumbuyo, gililo, magalasi ndi zogwirira zitseko, izo ndi za ophwasula magalimoto, kapena zopangidwa ku Taiwan ndi ku Thailand. Pofufuza pa intaneti yesani maina ena a galimoto yomweyo. Ku Thailand inkatchedwa Hilux Mighty-X, ku America inali Toyota Pickup basi, ku Ulaya inagulitsidwanso ngati Volkswagen Taro. Kungoti za ku America ndi zambiri za ku Ulaya chiwongolero chili kumanzere, ndiye steering box, dashibodi ndi magetsi a kutsogolo musaitanitse kumeneko. Ngati muli ndi m'bale ku Joni, mutumizireni nambala ndi chithunzi, osati dzina lokha, ndipo muwerengeretu msonkho wa pa chipata musanaone ngati mwatchipitsa.

Mwatchulanso kuti difu ya kutsogolo ikulira. Pa 4x4, difu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo ziyenera kufanana magiya ake. Mukagula ya kaunjika, werengani mano a giya yaikulu ndi a kagiya kakang'ono. Mano 41 ndi 9 ndi 4.56, mano 41 ndi 10 ndi 4.10, mano 39 ndi 8 ndi 4.88. Kunja zimaoneka zofanana ndipo zimamangika bwinobwino, pa tala muyenda osamva kanthu, koma tsiku limene mudzalowetse 4x4, matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo adzayamba kulimbana mpaka china chake chithyoke.

Pa nkhani ya katundu wabodza, bokosi lofiira lolembedwa Toyota lisakunamizeni, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ine ndimakonda kugula m'dzina la amene amapangira Toyota zinthuzo: Aisin pa water pump ndi kilachi, Denso pa zamagetsi, Koyo kapena NSK pa mabering'i, NOK pa masilo, Mitsuboshi pa malamba. Nawonso amakoperedwa, choncho yang'anani dzina lodindidwa pa chitsulo chenichenicho, osati pa pepala. Water pump yabwino imalemera m'manja ndipo ukaizunguza siimveka mchenga. Pa galasi kapena chogwirira chitseko, gulani chotchipa, palibe vuto. Pa lamba wa timing, mabuleki ndi zachiwongolero, ndikupemphani musanyengerere, m'galimotomo mudzakwera ana anu.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi Datsun 620 kapena 720, Nissan 1400, Isuzu KB kapena Mazda B, njira ndi yomweyi. Nissan 1400 inapangidwabe ku South Africa mpaka 2008, ndiye za injini yake ya A14 sizivuta kumeneko. Mazda B ndi Ford Courier ndi galimoto imodzi, funsani maina onse awiri.

Achimwene, Loweruka likubwerali pitani kumudziko ndi palafini, bulashi ya waya ndi choko. Mujambule kachitsulo kaja, nambala ya pa chesisi, nambala ya pa buloko, ndi pansi pa galimoto kutsogolo kuti tione ekiselo. Lamba wakaleyo mumuyale pansi, muike chizindikiro pa dzino limodzi, muwerenge mpaka mubwerere pomwepo. Muike zithunzizo pano pagulu, ndikuthandizani kupeza nambala za lamba ndi water pump yanu.