Funsani Dokotala: Amayi akukana opaleshoni ya ng'ala, akuti diso amaliika m'mbale

Adokotala, amayi anga ali ndi zaka 69 ndipo timakhala nawo ku Mufakose, mu mzinda wa Harare. Chaka chino chonse akhala akudandaula kuti akuona ngati kunja kuli nkhungu, ndipo madzulo magetsi a galimoto amawathobwa m'maso. Pakati pa diso lakumanja payamba kuyera. Amamwanso mankhwala a shuga. Tinawagulira magalasi ndi mankhwala odontheza m'maso ku Mbare, koma palibe kusintha. Anamwino akuti ndi ng'ala, koma amayi akukana opaleshoni chifukwa anamva kuti madokotala amatulutsa diso n'kuliika m'mbale. Kodi palibe mankhwala osungunula ng'ala? Ndine wodandaula, ku Mufakose.

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa za mankhwala, koma ndikuona kuti chikukusowetsani tulo ndi china. Mukuopa kuwakakamiza amayi kupita kuchipatala, zinthu n'kulakwika, abale n'kumakulozani chala.

Tiyambe ndi mbaleyo, chifukwa bodza limeneli lasiya anthu ambiri ali chikhalire m'nyumba pamene akanatha kuona. Diso silituluka. Limagwiridwa ndi minofu 6 yoliyendetsa, komanso mtsempha waukulu wopita ku ubongo. Mtsemphawo ukaduka palibe dokotala angaulumikize, ndiye wochotsa diso sangalibwezeretse likugwira ntchito. Chimene timaika ndi kachitsulo kogwira zikope kuti wodwala asaphethire, ndipo mwina woona zimenezo kwa nthawi yoyamba amayesa kuti diso latuluka.

Ng'ala si khungu lomera pamwamba pa diso ayi. M'kati, kuseri kwa mwanadiso, muli kagalasi kachibadwa kamene kuwala kumadutsamo. Munthu akamakula kagalasiko kamachita mbuu, ndipo shuga amafulumizitsa zimenezi. Taganizirani dzira: likaphikidwa choyera chija sichibwereranso kukhala chamadzi. N'chifukwa chake palibe dontho, mankhwala azitsamba kapena magalasi amene angasungunule ng'ala.

Opaleshoni yake imatenga mphindi pakati pa 15 ndi 30. Kawirikawiri wodwala sagonetsedwa, amangochititsidwa dzanzi pa diso lokhalo. Dokotala amacheka pang'ono m'mbali mwa diso, mamilimita 2 kapena 3 ngati akugwiritsa ntchito makina ophwanya ng'ala, kapena pafupifupi 6 mpaka 7 ngati akuitulutsa yathunthu. Njira zonsezi ndi zabwino. M'malo mwa kagalasi kowonongekako amaikamo kapulasitiki kamene kamakhala momwemo moyo wonse. Ambiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo bandeji imachotsedwa tsiku lotsatira. Amayamba ndi diso limodzi, linalo pambuyo pake.

Tsopano ndikudzudzuleni pang'ono. Mankhwala munagula ku Mbare aja, mukudziwa kuti muli chiyani? Tawerengani pa botolo. Mukaona dexamethasone, betamethasone kapena prednisolone, amenewo ndi ma steroid. Amachotsa kufiira msanga, anthu n'kumawatama, koma ukawagwiritsa ntchito nthawi yaitali popanda dokotala amakulitsa ng'ala ndiponso amatha kukweza mphamvu ya madzi a m'diso n'kuyambitsa glaucoma, matenda owononga mtsempha wa diso wopita ku ubongo uja. Musawagulenso, ndipo botololo mupite nalo kuchipatala sabata ino.

Chaka mwadikira kale chakwana. Kale ankati ng'ala iyambe yakhwima, koma masiku ano timachotsa ikangoyamba kumulepheretsa munthu kuphika, kuwerenga kapena kuyenda yekha. Ng'ala yokhalitsa imauma n'kuvuta kuchotsa, nthawi zina imatupa n'kutseka njira ya madzi a m'diso. Pamenepo mtsempha umawonongeka, ndipo kuona kotayika mwa njira imeneyo sikubwerera.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ine ndi shuga. Amawononga timitsempha ta kuseri kwa diso mwakachetechete, popanda kupweteka, ndipo ng'ala yokhuthala imatilepheretsa kuona kumeneko. Aliyense wodwala shuga ayenera kupimitsa maso kamodzi pachaka, ngakhale akuona bwino.

Pitani ku kiliniki ya khonsolo ya kwanuko mukatenge kalata yotumizira ku Sekuru Kaguvi, chipatala cha maso chimene chili pa chipatala chachikulu cha Parirenyatwa. Mutenge buku lawo la shuga, mankhwala onse amene akumwa ndi magalasi aja. Kumeneko adzawawerengetsa zilembo za pakhoma, adzayeza mphamvu ya madzi a m'diso, imene iyenera kukhala pakati pa 10 ndi 21, kenako adzawadontheza mankhwala okulitsa mwanadiso. Mankhwalawo amachititsa chimbuuzi kwa maola angapo, choncho asapite okha, musawasiye akwere kombi opanda wowagwira dzanja. Shuga kapena BP zikapezeka zokwera, opaleshoni imaimitsidwa kaye, ndiye yambani kuziyang'anira lero. Amayi muwauze kuti ulendo woyambawu ndi wongopima basi. Mafunso awo onse, ngakhale la mbale lija, akafunse okha kwa dokotala.

Opaleshoni ikachitika, ntchito yaikulu ndi yanu. Madontho amene adzapatsidwe, ngakhale ena ali ndi steroid, adonthezedwe monga dokotala wanenera, kawirikawiri kwa masabata 4 mpaka 6, ndi manja osamba. Asatikite diso, asalowetsemo madzi sabata yoyamba, asanyamule zidebe zolemera, ndipo akhale kutali ndi utsi wa nkhuni. Magalasi owerengera akayezetse patapita masabata ngati 6.

Diso likayamba kupweteka kwambiri, kufiira, kutuluka mafinya kapena kuona kukachepa, kaya opaleshoni isanachitike kapena itachitika, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale likhale Lamlungu. Mutu woopsa wotsagana ndi kusanza komanso diso lofiira ndi chimodzimodzi, musawapatse panado n'kudikira kuti kuche.